Lekani Kubisira Ana Mbiri Yao

M'caka ca 2017 Boma la Malawi linalemba maina a anthu oposa 9 miliyoni kuti liwapatse zitupa za unzika. Pa citupaco pali dzina la mwini wake, tsiku limene anabadwa, nambala, ndi cithunzi ca nkhope yake. Ndi cinthu cothandiza, ndipo ine sindicinyoza ai. Koma citupa cimayankha funso la kalaliki wa ku banki ndi la wapolisi wa pa mseu. Siciyankha funso lija limene akulu a pa mudzi amafunsa mlendo atampatsa pokhala ndi madzi akumwa, lakuti, "Kodi inu ndinu a kwa yani?" Pofunsa motero safuna dzina lokha. Afuna kumva amene anakubala, amene anakulera, kumene makolo ako anacokera, cimene cinawacotsa kumeneko, ndi zimene iwe waona kufikira tsiku limenelo. Munthu wosatha kuyankha funso limeneli, ngakhale zitupa zidzaze thumba, akulu amamuyang'ana ndi cisoni.

Mlandu wanga uli pa makolo ndi aphunzitsi ambiri a masiku ano, pakuti akulera ana amene sadzatha kuyankha funso limeneli, ndipo acita ici mwadala, namayesa kuti akuwacitira cifundo.

Munthu sakhala cimene ali pa tsiku lobadwa lomwelo. Amasokedwa pang'ono pang'ono monga mphasa. Zimene zinamcitikira ndizo bango: nthenda imene anadwala, mudzi umene anasamukako, mphunzitsi amene anamkwapula popanda cifukwa, mlendo amene anamgawira cinangwa pa njala. Cingwe columikiza bangolo ndiko kukumbukira. Koma taonani ici, inu owerenga: bango loyamba la mphasa imeneyi saika ndi mwini wake. Palibe munthu akumbukira tsiku limene anabadwa, kapena amene anamucha dzina, kapena cifukwa cimene amai ake anacokera ku ukwati iye ali kumbuyo. Zimenezi amangouzidwa. Tsono kholo limene likaniza mwana mbiri yotere lamlanda cinthu cake ca iye mwini, osati ca khololo.

Wofuna kudziwa mphamvu ya kukumbukira ayang'ane Angoni. Pamene anthu a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, dzuwa linada usana. Iwo sanadziwe kulemba, koma anasunga nkhani ya mdima umenewo m'mitu mwao, nauza ana ao, ana aonso nauza ao. Patapita zaka zambiri ophunzira za nyenyezi anawerengera, napeza kuti kadamsana ameneyo anacitika m'caka ca 1835. Ndipo caka cimene ana athu aloweza lero ca pa mayeso cinapezeka cifukwa ca nkhalamba zosadziwa "a" ndi "e". Komanso tafunsani kuti Mngoni ndani. Pa ulendo wao anatenga Akaranga, Ansenga, Acewa ndi Atumbuka, nawalowetsa m'magulu ao a nkhondo. Lero ambiri a ku Mzimba ayankhula Citumbuka, a kwa Mpezeni Cinsenga, ndipo a Maseko a ku Ncheu ndi Dedza, amene anadzera njira yao, ayankhula Cicewa. Mwazi unasakanizika, cinenero cinatha pakamwa pa ambiri. Nanga cowagwirizanitsa n'ciani? Ndi ulendo umene aukumbukira pamodzi. Amene amatiuza kuti umunthu wa munthu uli m'mwazi mokha sanaiganize bwino nkhani imeneyi.

Alomwe anaona zina. Anadza kucokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, nakhala pa minda ya Azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, nagwira thangata, anansi ao nawacha dzina lacipongwe. Makolo ambiri, pofuna kupulumutsa ana ao ku citonzo, analeka kuwayankhula Cilomwe, nabisa ndi kumene anacokera komwe. Sindiwaweruza anthu amenewo, pakuti goli lao linali lolemera. Koma onani cotulukapo: kuyambira 2008 adzukulu ao amasonkhana ku Chonde caka ndi caka kufunafuna cimene agogo ao anakwirira, ndipo ambiri aphunzira moni wa Cilomwe atamera imvi. Cobisidwa sicifa, cimangomsiya mdzukulu ndi ludzu.

Misonkhano yotere ndi yabwino, monganso Kulamba kwa Acewa ku Mkaika. Cokhaco ndinene, kuti pali abambo ena amene amabvala zikopa ndi mikanda tsiku limodzi pa caka, najambulitsa pa lamya, koma mwana wao akafunsa cimene cinapha amai ake amamkalipira. Mbiri ya pfuko lonse aikonda popeza siwawa. Ya m'nyumba mwao aithawa. Koma mwana amangika ndi ya m'nyumbayo poyamba.

Ndipo za m'nyumba zobisidwa ndi zambiri m'dziko muno. Amuna oposa 100,000 a kuno anali ku migodi ya ku South Africa pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu 1974, nipha Amalawi 74, Boma niliimitsa ulendo wa ku Joni. Obwerawo anadza ndi njinga, masutikesi ndi cifuwa. Ena anasiya ana kumeneko amene abale ao a kuno sanauzidwe. Ena sanabwere konse, nasanduka machona ku mapurazi ndi migodi ya ku Zimbabwe. Lamulo la unzika la dzikolo litasinthidwa mu 2001, ana ao ambiri obadwira konko anayesedwa alendo, kufikira malamulo atsopano a 2013 anayamba kukonza zimenezi. Pa zaka zimenezo amene atate ao anawauza mudzi ndi mfumu ya kwao anali ndi pogwira mtima, ngakhale anali asanapondeko. Amene sanauzidwe anangokhala pakati, uku alendo, uko osadziwika.

Palinso za nthawi ya cipani cimodzi. Anthu anatsekeredwa ku Mikuyu ndi ku Dzaleka osazengedwa mlandu. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi za iwo zinathawira ku Sinda Misale m'Zambia, nyumba zao zitatenthedwa. Otentha nyumbazo sanacokere kumwamba. Anali anyamata a m'midzi yomweyo. Lero mdzukulu wa wotentha ndi mdzukulu wa wotenthedwa akhala pa desiki limodzi, nabwerekana pensulo, ndipo onse awiri sadziwa cifukwa cimene agogo ao sapatsana moni. Wina wabisa cifukwa ca manyazi, wina cifukwa ca kuwawa kwa mtima.

Koma bala lalikulu koposa, limene ine monga mkulu wa sukulu ndiliona kawiri kawiri, ndilo la edzi. Nthendayi inapezeka m'Malawi mu 1985, ndipo mankhwala aulere anayamba kugawidwa mu 2004. Pakati pa zaka zimenezi midzi inataya mbadwo wa pakati, ndiwo amene akadalumikiza agogo ndi adzukulu. Ana amasiye a nthawi imeneyo ndiwo makolo a lero. Ambiri analeredwa m'cinsinsi, ndipo alera ana ao m'cinsinsi comweco. Pa masiku olemba ana atsopano, ndikafika pa funso lakuti, "Atate ake ndani, nanga ali moyo?" wobwera ndi mwanayo amatsitsa mau, kapena amtuma mwana kuti akasewere panja. Ayesa kuti mwanayo ndi mtsuko wopanda makutu. Iai, abale anga. Pa mudzi palibe cinsinsi. Amene sacidziwa ndi mwini wake yekha, ndipo tsiku lina adzacimva pa mjigo kapena pa bwalo la mpira, cocokera pakamwa pa mnzake amene wakangana naye. Mau amene amai ake akadamuuza mofatsa, atamkhazika pa mphasa, awalandira monga mwala wa m'legeni. Mwana wotere ndimamzindikira m'mawa mwake: wakhala kumbuyo, sakweza dzanja, ndipo pakutha pa sabata waleka kubwera.

Cina coipa koposa kukhala cete ndi bodza. Mwana auzidwa kuti atate ake analodzedwa ndi abale ao cifukwa ca munda. Iye akhulupirira, pakuti wanena ndi mkulu. Akula ndi cidani, nasoka moyo wake wonse pa bango lobvunda, ndipo pofika zaka 20 ali wokonzeka kukantha nkhalamba yosacimwa. Nkhalamba zimene zimaphedwa m'midzi mwathu poganiziridwa ufiti zimaphedwa ndi anyamata amene wina anawauza nkhani yonama ya imfa ya mbale wao. Winanso ndi mwana wobadwa ndi kacirombo, amene amwetsedwa mankhwala m'mawa muli monse nauzidwa kuti ndi a cifuwa. Akasinkhuka afunsa kuti cifuwa canji cosatha, naleka kumwa. A zaumoyo alangiza kuti mwana wotere auzidwe zoona pang'ono pang'ono asanathe msinkhu, koma makolo ambiri aopa nkhope ya mwana wao kuposa manda ake. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndidziwa zimene ena adzayankha. Adzati, "Mwana ndi mwana, za akulu sizimkhudza." Ndibvomera kuti khanda silipatsidwa nsima yolimba, liyamba ndi phala. Makolo athu anadziwa zimenezi, cifukwa cake anagawa mwambo: wina pa kutha msinkhu, wina pa ukwati, wina pa cisamba. Koma kugawa si kubisa. Anamkungwi ankacedwetsa mau kufikira nthawi yake, koma nthawi ikakwana ankanena onse osasiyako. Makolo a lero amati "nthawi siinakwane" kufikira iwo eni alowa m'bokosi.

Ena adzati, "Mukamuuza zoipa zimene anamcitira agogo ake, adzabwezera." Ine ndiona kuti wobwezera ndi uja wamva theka la nkhani kwa anthu a m'njira. Amene wamva yonse, ndi zolakwa za a kwao zomwe, kawiri kawiri amafewa mtima, popeza waona kuti agogo ake sanali mngelo, ndi mdani wao sanali cirombo.

Enanso, makamaka ophunzira, adzati nkhalamba zimaiwala ndi kuonjezera. N'zoona, zimatero. Pamene Megan Vaughan anafufuza za njala ya 1949 m'midzi ya ku Blantyre, anapeza kuti amuna anasimba za maulendo ao ofuna cakudya, koma akazi anasunga m'nyimbo za pa mtondo nkhani ya amuna amene anathawa mabanja ao osabwerera. Kodi wonama ndani pamenepa? Palibe. Ali yense anasunga mbali imene inamlasa. Mankhwala a nkhani yopendekera si kutseka pakamwa pa nkhalamba, koma kumtuma mwana kuti amve kwa agogo akazi, amvenso kwa amalume, ndi kwa azakhali, kenaka aphunzire kuyesa mau monga amacitira a nyakwawa pa bwalo. Imeneyi ndi nzeru yoposa kuloweza.

Pamenepa nditembenukire kwa aphunzitsi anzanga. Mwana wa Sitandade 8 angakuuzeni kuti Livingstone anafika ku nyanja yathu mu 1859, koma mfunseni dzina la amai a agogo ake akazi, amene mbumba yonse ya kwao inacokera m'mimba mwao, adzayang'ana kudenga. Mwanayo alibe mlandu. Waphunzira kuti mbiri ndi zinthu zocitikira anthu ena, ku malo ena, zolembedwa m'buku. Ndi kuti za kwao ndi nthano za osaphunzira. Samuel Ntara anali mphunzitsi wa ku Nkhoma monga ife, koma buku lake la Mbiri ya Acewa analipeza poyenda m'midzi ndi kukhala pansi pamaso pa akulu. Mphunzitsi amene ayesa kuti mwana afika pa sukulu ali mbiya yopanda kanthu, yoti iye athiremo nzeru, alakwa kuyambira tsiku loyamba. Mwanayo wafika atanyamula kale njala ya caka catha, maliro awiri, ndi madzi osefukira amene anakokolola nyumba yao.

Za madzizi ndinenepo pang'ono, kuti wina asayese kuti kukumbukira n'kokometsa mtima cabe. Napolo anagumula phiri la Zomba mu 1946, nagumulanso ku Phalombe mu 1991. Mu 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala pa phiri la Soche ndi m'madera ena, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ambiri anamanga m'malo oopsya cifukwa ca umphawi, osati kupusa. Komabe mnyamata amene agogo ake anamlozera ndi cala kuti, "Apa ndi panjira pa Napolo," amagula malo ndi maso ena.

Nchito imene ndipempha siifuna ndalama za Boma kapena buku latsopano. Mphunzitsi ali yense ampatse mwana kope, amtume kwa wamkulu wa kwao, ndipo makolo asamthamangitse. Amene anaona njala ya 1949 ali ndi zaka 10 apitirira tsopano zaka 85, ndipo anyamata amene anabwera ku Joni mu 1974 apitirira 70. Mwanayo akafunse kumene mudzi unali usanasamuke, ndi cimene cinausamutsa. Amene anamucha dzina, ndi mwini dzinalo anali munthu wotani. Amene agona m'manda a pa mudzi, mmodzi mmodzi, ndi cimene cinawagoneka. Zimene wamkuluyo anena kuti zisawerengedwe m'kalasi, zisawerengedwe. Kopelo ndi la mwana, apite nalo kwao.