Katundu Wongodzaza Nyumba

M'nyumba zambiri, za kumudzi ndi za m'tauni zomwe, muli katundu amene mwini wake sanamukhudze chaka chathunthu. Kunsi kwa bedi kuli nsapato zimene mwana anazisiya ali mu Sitandade 1. Pachingwe papachikidwa malaya othina, ndipo kuseri kwa chitseko kwaunjikana zitini, mabotolo, mipini yothyoka ndi wailesi imene inaleka kulankhula kalekale. Mwini nyumba akafunsidwa chifukwa chimene akusungira zonsezi, yankho lake limakhala limodzi: "Zidzagwira ntchito tsiku lina." Koma kawirikawiri tsikulo silifika n'komwe.

Anthu osunga zinthu chotere sayenera kusekedwa. Ambiri a iwo anakula pa nthawi imene sitolo inali kutali ndipo ndalama inali yosowa zedi. Anaphunzira kuti msomali wopindika umawongoledwa, ndiponso kuti nsalu yong'ambika imasanduka chigamba kapena nkhata yosenzera mtsuko. Nzeru imeneyi ndi yabwino, ndipo ana a masiku ano ayenera kuiphunzira. Cholakwika chimayamba pamene munthu akakamira chinthu chimene iye sadzachigwiritsanso ntchito, pomwe mnzake wapafupi akuchisowa. Kumeneko ndiye kuumira, ndipo katundu wotereyo ayenera kutuluka m'nyumba.

Katundu wongounjikidwa amaitana alendo oipa. Oyamba kufika ndi makoswe. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere masabata atatu okha, ndipo amaswa ana angapo nthawi imodzi. Akapeza mulu wa nsanza umene palibe amaugwedeza, wapeza chisa chabwino kwabasi. Usana amabisala m'menemo, usiku natuluka kukaboola thumba la chimanga ndi kuyenda pa mbale zodyera. Mphemvu ndi nsikidzi nazonso zimakonda malo otere, osanena za zinkhanira ndi njoka zimene zimalowa m'nsapato zakale.

Mlendo woopsa koposa onse ndi udzudzu. Dzuwa likatuluka, udzudzu umabisala m'malo a mdima, monga kuseri kwa zovala zopachika ndi kunsi kwa bedi. Nyumba ikadzaza ndi katundu, mobisalamo mumachuluka, ndipo anthu akagona udzudzuwo umatuluka kudzawaluma ndi kuwapatsa malungo. Kunja nakonso, zitini, mapale ndi matayala akale zimasunga madzi a mvula. Udzudzu umaikira mazira m'madzi oima, ndipo pa nyengo yotentha sipapita masabata awiri ana ake asanayambe kuuluka. Motero banja limadziwetera lokha mdani pakhomo, kenaka n'kumataya ndalama ndi masiku a sukulu chifukwa cha matenda.

Chomvetsa chisoni n'chakuti katundu wosungidwayo sakhalanso wabwino mpaka kalekale. Njenjete zimaboola zovala, chiswe chimadya mabuku, ndipo dzimbiri limatha chitsulo pang'onopang'ono. Nsapato zimene mwana wina akanavala chaka chino zimauma ndi kung'aluka zikakhala zaka zitatu kunsi kwa bedi. Mwini wake amati wasunga, pamene wangodyetsa chiswe.

Kufunika kwa zinthu zimene ena amangoziunjika kunaoneka poyera mu Marichi chaka cha 2023, pamene namondwe wotchedwa Freddy anagwa m'Chigawo cha Kummwera. Madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukokolola nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chikwawa ndi ku Nsanje nakonso midzi inaonongeka. Anthu mazanamazana anafa, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Ambiri anathawa usiku ndi zovala za m'thupi zokha, nakakhala m'makalasi a sukulu ndi m'matchalitchi. Pa masiku amenewo bulangete lakale, poto, ndowa ndi mbale zinali chuma chenicheni. Mipingo, mizikiti ndi bungwe la Red Cross zinasonkhanitsa thandizo, ndipo zovala zimene zinangokhala m'masutikesi a anthu ena zinafunditsa ana amene anali kunjenjemera ndi chisanu.

Komabe munthu sayenera kudikira namondwe kuti atsegule sutikesi yake. M'mudzi uliwonse muli mwana amene amajomba kusukulu m'mwezi wa Juni chifukwa alibe juzi. Muli nkhalamba imene imagona pamphasa yothetheka. Buku limene mwana wa Sitandade 5 anamaliza kuwerenga chaka chatha ndi latsopano kwa mnzake wa Sitandade 4. Makolo akale ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake malaya a mkulu ankatsikira kwa mng'ono, nachokera kwa mng'onoyo kupita kwa msuweni. Iwo anati kupatsa n'kuika, pakuti chinthu choperekedwa kwa mnansi sichitayika; pa tsiku la mavuto mnansi yemweyo ndiye amathamanga poyamba.

Tsono kupatsa kuli ndi mwambo wake. Anthu ena amasankha nsanza zenizeni, zakuda ndi zonunkha, n'kumati akuthandiza osauka. Kutero n'kusandutsa mnzako dzala. Chovala choti chiperekedwe chiyambe chachapidwa ndi kusitidwa. Ngati batani linathothoka, lisokereredwe, ndipo nsapato zipite ziwiriziwiri, osati imodzi. Woperekayo adzifunse ngati iye mwini akanakondwa kulandira chinthu choterocho. Palinso khalidwe lina loipa limene limaoneka kwambiri pakati pa ana a sukulu. Mwana akaona mnzake atavala malaya amene anachokera kwawo, amafuula pagulu kuti, "Malaya amenewo anali anga!" Mawu otere amapweteka kuposa chisanu, ndipo wolandirayo sadzawavalanso malayawo. Mphatso yabwino imaperekedwa mwakachetechete, ndipo woperekayo saitchulanso.

Si katundu yense ayenera kuperekedwa ulere. Banja losowa ndalama likhoza kugulitsa zimene silikuzifuna, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Kodi zovala za pakaunjika, zimene anthu amazilimbirana m'misika, si zovala zimene eni ake a kumaiko akutali anazisiya? Amisiri a ku Ndirande ndi a m'misika ina amadziwa kudzutsa zinthu zakufa. Chitsulo chakale amachisula kukhala mbaula, chitini amachisandutsa nyale ya koloboyi, ndipo tayala lotha amalicheka kupanga nsapato ndi zingwe. Njinga imene yafa sifa yonse: unyolo, belu, chishalo ndi masipoko zikhoza kudzutsa njinga ina. Ndalama yopezeka pamenepo, ngakhale ichepe, imagula makope, sopo kapena mchere. Chofunika n'chakuti wogulitsa anene zoona. Ngati wailesi ndi yoonongeka, wogula auzidwe asanapereke ndalama.

Apa ana ayenera kuchenjera. Mwana alibe mphamvu yopereka kapena kugulitsa kanthu ka m'nyumba popanda kufunsa makolo. Amene atenga poto wa amayi ake mobisa n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo waba, ngakhale potoyo akhale wobooka. Komanso chimene mwana achiona ngati chachabe chikhoza kukhala chamtengo wapatali kwa akuluakulu. Buku la kuchipatala, khadi la kusikelo, masetifiketi a sukulu ndi zithunzi za abale zingaoneke zakutha, koma zikatayika sizipezekanso msanga. Nsalu yofwifwa imene agogo amaisunga pansi pa dengu mwina ndiyo yokhayo imene amayi awo anawasiyira.

Pali zinthu zinanso zimene siziyenera kupatsidwa kwa munthu aliyense kapena kugulitsidwa. Mankhwala otsala a wodwala wina sayenera kuperekedwa kwa mnansi, chifukwa matenda amasiyana ndipo mankhwala akakhalitsa amatha mphamvu. Ndi bwino kuwaonetsa kwa alangizi a zaumoyo. Mabotolo ndi zigubu zimene munali mankhwala opopera thonje, fodya kapena ndiwo zamasamba n'zoopsa kwambiri. Ngakhale zitsukidwe kangapo, siziyenera kusungira madzi, mafuta ophikira kapena thobwa. Ziyenera kubooledwa kuti wina asazitole, ndipo alangizi a zaulimi afunsidwe za katayidwe kake. Mabatire akutha nawonso asaponyedwe pamoto, ndipo asasiyidwe pamene ana aang'ono angawatole n'kuwaika m'kamwa.

Nthawi yabwino yogwira ntchito yonseyi ndi mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanagwe. Banja lonse limatulutsa katundu pabwalo m'mamawa. Zogonera zimayanikidwa padzuwa, akangaude amasesedwa kudenga, maenje a makoswe amatsekedwa, ndipo pansi pamaziridwa kapena kukolopedwa. Madzulo, pobwezera katundu m'nyumba, chinthu chilichonse chimayamba chafunsidwa ntchito yake pakhomo. Chimene chili ndi ntchito chimalowa. Zotsalazo zimagawidwa patatu: za kwa anansi, za kumsika ndi za kudzala.