Olumikiza zidutswa za buku la chibadwa

Pa 26 Juni 2000, pamene Bill Clinton, mtsogoleri wa America, ali ku Washington ndi Tony Blair, nduna yaikulu ya Britain, ali ku London adaimirira pamaso pa mitundu yonse nalengeza kuti malembo a chibadwa cha munthu, amene anzeru amawatcha genome, tsopano awerengedwa, ulemu udagwera kumene umagwera masiku onse: kwa atsogoleriwo, ndi kwa Francis Collins ndi Craig Venter, akuluakulu a magulu awiri amene ankalimbirana ntchitoyo. Ochepa okha ndiwo ankadziwa kuti kutatsala masiku anayi kuti chisangalalocho chichitike, wophunzira wina wa pa yunivesite ya California ku Santa Cruz, dzina lake Jim Kent, ndiye adatsiriza kulumikiza zidutswa zikwi mazanamazana za malembowo, ndi pulogalamu imene adailemba yekha m'milungu yowerengeka naiyendetsa pa makompyuta wamba okwana ngati 100. Ntchito ya anthu onga iyeyu imatchedwa bioinformatics, ndipo ife tikuti mwa ntchito zonse za m'munda umenewu, iyi ndiyo dziko lathu liyenera kuigwira ndi manja awiri.

Owerenga athu atilole tiyambe talongosola kukula kwa katunduyo. M'maselo a thupi muli ulusi wotchedwa DNA, wolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, koma zondandalikana kufikira 3 biliyoni; munthu atati aziwerenga chilembo chimodzi pa sekondi, osagona, osadya, osapita kumaliro, zaka 90 zikadatha iye asanafike kumapeto. Ndipo makina a masiku amenewo sankatha kuuwerenga ulusiwo kuchokera kumutu kufikira kumchira, ankangotola zilembo mazana angapo pa nthawi imodzi. Kudali ngati kutenga mabuku ambiri ofanana, kuwang'amba tizidutswatizidutswa, kutisakaniza m'dengu, ndi kumuuza munthu kuti abwezeretse buku limodzi lathunthu poona pamene mapeto a kachidutswa aka afanana ndi chiyambi cha kena. Chovutitsitsa n'chakuti pafupifupi theka la malembowo ndi mawu obwerezabwereza, kotero kuti kachidutswa kamodzi kamaoneka ngati kwawo n'kuno, kwawonso n'uko. Nchifukwa chake ntchito imene idayamba mu 1990 nilengezedwa kuti yatha mu 2003 idasiyabe mipata, ngati magawo asanu ndi atatu mwa magawo 100, imene idadzatsekedwa mu 2022. Indedi kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma kutchula zilembo si kumva mawu, monga adziwa aliyense amene adaphunzitsapo mwana. Pamene olumikizawo adayamba kufunafuna majini, ndiko kuti zigawo za DNA zonyamula malangizo a thupi, m'kati mwa chipiringu cha zilembocho, akatswiri ambiri ankayembekeza kupeza ngati 100,000, poyesa kuti cholengedwa cholemekezeka chotere chiyenera kukhala ndi chuma chambiri. Koma adapeza ngati 20,000 okha, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha kanyongolotsi kam'dothi kosaoneka bwino ndi maso. Odzikuza adachepetsedwa pamenepo, ndipo sitinganene kuti tidamva chisoni. Tanthauzo la malembowo limatuluka poyerekeza: wodwala ndi wolimba, banja ili ndi banja ilo, munthu ndi mbewa. Kuyerekezako kudatheka chifukwa padali nkhokwe ya onse, GenBank, yokhazikitsidwa mu 1982, ndiponso chifukwa mu 1996 ku Bermuda, John Sulston wa ku Britain ndi anzake adapangana kuti malembo alionse owerengedwa aziikidwa poyera lisanathe tsiku limodzi, wina asawatsekere m'thumba nawayesa malonda. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili lidali lolemera koposa onse.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi ifika pakhomo pathu. Woyerekeza ayenera kukhala ndi muyeso, ndipo muyeso umene dziko lakhala likugwiritsa ntchito udachokera kwa anthu owerengeka, magawo ngati 70 mwa 100 kwa mwamuna mmodzi wa ku Buffalo m'boma la New York. Pomwenso kafukufuku wochuluka wolumikiza majini ndi matenda wachitika pa anthu a mtundu wa ku Ulaya. Chonsecho kuno ku Africa, kumene mtundu wa anthu udaphukira, ndiko kuli kusiyanasiyana kwa chibadwa kwakukulu kuposa kwina kulikonse. Mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins, atasanthula anthu 910 a magazi a ku Africa, adapeza zilembo pafupifupi 300 miliyoni zimene m'muyesowo mulibe. Mu 2020 gulu la H3Africa, litayang'ana anthu 426 okha a m'maiko 13, lidatulukira zosiyana zoposa 3 miliyoni zimene zidali zisanalembedwepo. Wina asayese kuti izi ndi zokambirana ophunzira okha. Ambiri mwa abale athu amene adamwapo efavirenz, amodzi mwa mankhwala a ma ARV, akumbukira chizungulire ndi maloto oopsa. China mwa zifukwa zake n'chakuti jini lotchedwa CYP2B6 lili ndi mtundu wina, wofala pakati pa Aafirika kuposa Azungu, umene umachititsa chiwindi kuchedwa kuchotsa mankhwalawo m'magazi.

Ngakhale mbiri ya makolo yalowa m'dengu lomwelo. Mu 2017 kudafalitsidwa zotsatira za kuwerenga DNA ya mafupa ofukulidwa ku phiri la Hora m'boma la Mzimba, ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere m'boma la Dedza, ena a iwo a zaka ngati 8,000. DNA yakale chotero imakhala itafumbutuka ngati chimanga cha anankafumbwe, ndipo popanda olumikiza aja sibwenzi itanena kanthu. Koma italumikizidwa idaonetsa kuti alenje akalewo, amene mwina ndiwo Akafula a m'nthano za agogo athu, adali pachibale ndi Asan a kummwera, ndi kuti magazi awo saoneka mwa Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Angoni amene adayezedwa. Mafupa adali a m'nthaka yathu, koma kusanthulako kudatsogoleredwa ku yunivesite ya Harvard.

Sitidzudzula alendo amene adagwira ntchito imene ife sitidaigwire; chimene tikana ndi kukhala mpaka muyaya anthu opereka magazi, malovu ndi mafupa, kenaka n'kudikira kuuzidwa za ife eni. Makina owerengera DNA ndi okwera mtengo, inde, koma wosanthula malembo safuna zambiri: kompyuta, magetsi osazimazima, intaneti, ndi mutu wokonda masamu. Kuyambira 2012 bungwe la H3ABioNet, lotsogoleredwa ku yunivesite ya Cape Town, lidaphunzitsa Aafirika ambiri luso limeneli, ndipo tipempha akuluakulu a sukulu zathu zaukachenjede ndi a boma kuti alikulitse kuno, naleke mwambo wolekanitsa msanga mwana wodziwa masamu ndi mnzake wokonda za thupi ndi zamoyo, monga ngati awiriwa sadzasowana. Malembo a anthu a ku Hora ali m'nkhokwe yapoyera ku Hinxton, pafupi ndi Cambridge, aulere kwa aliyense wowafuna, ndipo mtsikana wokulira m'munsi mwa phirilo akhoza kuwatsegula chaka chino, atapezeka womuonetsa potsegulira.