Futali si chakudya cha amphawi

Kwathu ku Neno, boma lomwe linapatuka ku Mwanza mu 2003, azakhali anandiphikira mbatata, nkuthiramo nsinjiro ndi kamchere. Futali wapsa. Kenaka anakanya nthochi zakupsa ndi ufa wa mgaiwa nkukazinga zitumbuwa. Chogula chinali mafuta ndi mchere basi.

Koma ife a m'tauni, makamaka anzathu obwerera kuchokera ku Joni ndi ku Harare, akuti zimenezi nzachimidzi. Mwana azipita ku sukulu ndi mabisiketi akunja. Nanga mlimi wa kwa Dambe agulitsa kwa yani? Abale anga, ufulu tinavotera mu 1993 uja sunali wonyozera mphika wa amayi athu.

Wanga mwana Lolemba atenga futali, amuseke anzake.