Ndalama zachuluka, koma oonera kanema achepa

Mlimi wa fodya ku Chinkhoma amadziwa kuti kuchuluka kwa makwacha papepala la ku okushoni si kulemera ayi. Nkhani imagona pa matumba a feteleza amene ndalamazo zingagule. N'chimodzimodzinso ndi mafilimu a kazitape uja James Bond.

Chiyambireni ndi Dr. No m'chaka cha 1962, kampani ya Eon yapanga mafilimu 25. Skyfall ya mu 2012 idapha ndalama zoposa madola 1 biliyoni pomwe Thunderball ya mu 1965 idapeza pafupifupi madola 141 miliyoni. Komatu ku America, odzaonera Thunderball adali ochuluka kuposa a Skyfall. Chidakwera ndi mtengo wa tikiti, pomwe anthu ambiri adasamukira pa wailesi yakanema, vidiyo ndi foni.

M'dziko muno nyumba ya kanema ya Apollo ku Blantyre idatseka kalekale. Ku Santhe ndi ku Nkhamenya kudabwera timanyumba ta vidiyo, momwe ana amaonera zilizonse makolo osadziwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe, idajambulidwa ku Kasungu konkuno, koma mu 2019 idatulukira pa Netflix, pofunika intaneti ndi ndalama.

Khonsolo, mipingo ndi sukulu zili ndi maholo. Apemphe chilolezo kwa eni mafilimu, atsegule maholowo Loweruka pamtengo wotsika, kuti makolo ndi ana azionera limodzi nkhani zakwawo.