Mwana Akayamba Kukwawa, Pakhomo Pasinthe

Ife a kuno ku Chongoni chisanu timachidziwa. Juni ndi Julayi akafika, chifunga chimakuta phiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo madzulo banja lonse limaunjikana pamoto. Moto womwewo ndi umene umatumiza ana ambiri ku chipatala cha boma ku Dedza, ndipo opsa kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kawirikawiri si kuti makolo sasamala ayi. Palibe amene adawauza kuti khanda limene dzulo linkakhala pomwe alisiya, lero likhoza kufika pa mafuwa mayi asanabwere kotunga madzi.

Mayi akatuluka m'chikuta timamulangiza za kuyamwitsa, kusambitsa mwana ndi kupita naye ku sikelo. Za ngozi za pakhomo timakhala chete mpaka itagwa. Malangizowa ayambe mwana asanakwawe, ndipo bambo akhalepo, chifukwa amene amasunga mankhwala a ku dimba ndi parafini nthawi zambiri ndi iyeyo.

Khungu la mwana ndi lopyapyala, kotero phala kapena tiyi amene wamkulu angangomva kutentha, mwana amamusupula. Mphika wotentha tisautule pansi pamene mwana akusewera, ndipo tisapakule chakudya cha moto mwana ali pamiyendo. Lachisanu, pamene tikuphikiratu za pa Sabata, miphika imachuluka ndipo aliyense amakhala pa liwiro. Tsiku limenelo pakhale munthu wamkulu mmodzi woyang'ana mwana basi. Mlezi wa zaka 6 nayenso ndi mwana. Mbaula tisagone nayo m'nyumba yotseka, pakuti mpweya wa makala sununkha koma umapha, ndipo umayambira wamng'ono.

Mwana akapsa, thirani madzi oyera ozizira pamalopo kwa mphindi 20, uku mutamufunditsa mbali zina za thupi kuti asazizidwe. Muvuleni chovala ngati sichinamatirire pakhungu. Musapakepo dzira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano kapena ndowe, ndipo matuza musawaphulitse. Phimbani ndi nsalu yochapa bwino, pitirizani kumuyamwitsa, ndipo pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati wapsa kumaso, m'manja kapena kumaliseche.

Kuno timalima mbatata ya kachewere ndi ndiwo zamasamba, choncho m'nyumba zambiri muli mankhwala opopera. Mankhwalawa, a makoswe ndi parafini tisawathire m'botolo la Fanta, chifukwa mwana amadziwa botolo, sadziwa za m'kati. Tiwasunge pamwamba kapena m'bokosi lokhoma, pamodzi ndi mapiritsi a agogo. Mwana akamwa parafini musamusanzitse, pakuti parafiniyo akalowa m'mapapo amawawononga. Thamangani naye ku chipatala, botolo mutalitenga kuti adokotala aone chimene wamwa.

Madzi nawo sachita phokoso. Mutu wa mwana ndi wolemera kuyerekeza ndi thupi lake, ndiye akasuzumira m'ndowa amagweramo chamutu ndi kulephera kudzuka. Madzi ochepa a m'beseni ndi okwanira kumumiza. Tikatha kuchapa titaye madzi, ndowa tivundikire, ndipo zitsime za ku dimba tiziphimbe.

Mtedza, chimanga chokazinga, mabatani ndi ndalama zachitsulo zimatsamwitsa. Khanda losakwana chaka likatsamwa ndipo likulephera kulira, ligonekeni chafufumimba pamkono panu, mutu utaloza pansi, ndipo limenyeni kasanu pakati pa mapewa ndi chikhatho. Musapise chala kukhosi kufuna chinthu chimene simukuchiona.

Pali ntchito imodzi imene tikupempha banja lililonse kuti lichite sabata ino. Gwadani pansi, mukwawe m'nyumba mwanu ndi pakhonde monga mwana wanu. Mudzaona mpeni pansi pa mpando, singano pamphasa, phulusa lotentha kuseri kwa khitchini. Chotsani zimenezo. Amayi a Dorika mukamakaona khanda, pamwamba pa sopo ndi chitenje tengani ndi mawu awa, ndipo muitane bambo, agogo ndi mlezi kuti amve nawo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu angathe kukuonetsani ndi manja mmene amathandizira mwana wotsamwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho tikaona mphika wotentha pafupi ndi mwana wa mnansi, tiusunthe kaye, moni tipereke pambuyo.