Mabungwe Aŵiri a Mphunzitsi

Ophunzira athu ambiri akamva za Teachers Union of Malawi ndi Teachers Council of Malawi amayesa kuti n'chinthu chimodzi. Sichoncho ayi, ndipo mphunzitsi wosadziŵa kusiyana kwake adzasokera pa ntchito.

TUM ndi bungwe la apantchito. Limayang'ana kwa wolemba ntchito, ndiye boma, n'kumakambirana naye za malipiro, kukwezedwa ndi nyumba. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limalola mabungwe otere kunyanyala ntchito zokambirana zikalephereka, monga adachitira aphunzitsi mu 2021 pofuna ndalama za chiopsezo cha Covid-19.

Khonsolo ya aphunzitsi, imene idabwera ndi lamulo la maphunziro la 2013, imayang'ana kwa ife eni ake. Ntchito yake ndi kulembetsa aphunzitsi, kupereka ziphaso ndi kusunga mwambo wa uphunzitsi. Bungwe loyambalo limateteza mphunzitsi, pamene lachiŵirili limateteza mwana, ngakhale kwa mphunzitsi yemweyo.

Titengere chitsanzo pa Likoma. Mphunzitsi wa pachilumbapo, kapena wa ku Chizumulu, akafuna kupita ku Nkhata Bay amadikira Ilala kapena boti, ndipo katundu amakwera mtengo akangooloka nyanja. Dandaulo limeneli apite nalo ku TUM, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Koma akayamba kuloŵa m'kalasi osakonzekera, kapena kutuma ana kukamuyanikira usipa nthaŵi ya maphunziro, anzake asamubise ponena kuti ndi membala mnzawo. Umenewo ndi mlandu wa mwambo wa ntchito.

Chilumba chomwechi chili ndi phunziro lina. Amishoni a UMCA atakhazikika pa Likoma mu 1885, adatumiza aphunzitsi kumidzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo pambuyo pake adatsegula St Michael's College ku Kobwe. Sitima ya mishoni inkawayendera mwa apo ndi apo. Masiku ena onse woyang'anira sukulu chinali chikumbumtima cha mphunzitsi. Chimenechi ndicho khonsolo iyenera kusunga lero.

Tsono inu amene mudzapita kukaphunzitsa posachedwa, loŵani bungwe la apantchito mopanda manyazi, ndipo chiphaso chanu muchilemekeze. Tsiku lonyanyala, mkwiyo wanu ulunjike kwa wolemba ntchito, osati kwa ana. Pobwerera m'kalasi bwezerani maphunziro amene adatayika, chifukwa mwana wa Sitandade 8 adzalemba mayeso ofanana ndi anzake a ku Blantyre, kaya inu mwalandira zanu kaya ayi.