Za Umoyo Wathu: Nyeleti Imasula Mfundo, Koma Situla Katundu

Ambiri a ife tili ndi malo amodzi pathupi amene sapola: pakati pa khosi ndi phewa, kumsana, kapena m'ciuno. Mayi wosenza cigubu ca malita 20, cimene cilemera makilo 20, mlimi wowerama ndi khasu tsiku lonse, telala pa makina ake ndi kalaliki pa thebulo lake, onsewa audziwa ululu umenewu. Tikapapasa ndi cala tipeza kanthu kolimba ngati nyemba mkati mwa mnofu. Tikakanikiza, ululu uthamangira kwina, kotero kuti mfundo ya paphewa ingathe kupweteketsa m'mbali mwa mutu. Madokotala azicha trigger points mfundo zimenezi. Ndi timinofu tocepa timene takungika ndi kukana kumasuka.

Dokotala wamkazi wa ku America, Janet Travell, analemba za kulasa mfundozi ndi nyeleti mu 1942. Mu 1961 anakhala dokotala wa Pulezidenti John F. Kennedy, amene anavutika ndi msana zaka zambiri. Mu 1983, pamodzi ndi David Simons, anatulutsa buku lalikulu losonyeza pamene mfundo zipezeka ndi kumene ululu wake umvekera.

Nchito yake siitenga nthawi. Dokotala afuna mfundo ndi zala, ayeretsa khungu, alowetsa nyeleti yopyapyala m'mfundo mwenimwenimo, ndi kuthiramo mankhwala ocepa ocititsa dzanzi, monga lidocaine. Kawirikawiri mnofu unjenjemera kamodzi, kenaka ufewa. Mu 1979 dokotala wa ku Prague, Karel Lewit, anaonetsa kuti ngakhale nyeleti yopanda mankhwala ingathe kucepetsa ululu. Pamalo polasidwapo pawawa tsiku limodzi kapena awiri.

Tsono tinene zoona. Ife timakonda nyeleti, ndipo ena abwerako kucipatala ali okwiya ngati apatsidwa mapilisi okha. Koma nyeleti iyi si cozizwitsa. Ena apeza mpumulo wa masiku kapena masabata, ena sapeza kanthu, ndipo akatswiri sanagwirizane onse za kukula kwa phindu lake. Cimene agwirizana n'cakuti nyeleti payokha siikwanira. Phindu lake ndi kupatsa munthu mpata wakuti aongole mnofu umene unali kukana. Ngati mawa lake tisenzanso katundu yemweyo ndi kukhala mowerama monga kale, mfundo idzamangikanso.

Cacikulu tisamale amene atilasa. Kuseri kwa nthiti kuli mapapo, ndipo nyeleti yolowa kwambiri pamsana kapena paphewa ingaboole papo, munthu n'kuyamba kubanika. Nyeleti yogwiritsidwapo nchito kale ingapatse HIV ndi matenda a ciwindi a hepatitis B. Motero tisapereke msana wathu kwa munthu wolasa anthu m'nyumba kapena pamsika, ngakhale achipitse bwanji. Nchito iyi ndi ya dokotala wophunzira. Timuuze ngati tikumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, ngati tili ndi pakati, kapena ngati mankhwala a dzanzi anatidwalitsapo kale. Pamene pali cilonda kapena cithupsa salasapo.

Ndiponso si ululu uliwonse wa msana umene ucokera ku mfundo. Ngati ubwera pamodzi ndi kutentha thupi, kuonda, thukuta la usiku, dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kapena kulephera kusunga mkodzo, tipite kucipatala msanga. TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo kucedwa kungapundule munthu.

Nanga kunyumba ticitenji? Tithowe pamalopo ndi nsalu ya madzi ofunda kwa mphindi 15 kapena 20. Titikite pang'onopang'ono, tiongole khosi ndi mapewa m'mawa ndi madzulo, ndipo pa nchito yokhala pansi tiziimirira kawirikawiri. Ululu ukapitirira masabata angapo, tipemphe kuonana ndi a physiotherapy, amene aphunzitsa kaongoledwe koyenera thupi la munthu aliyense.

Makolo anati mutu umodzi susenza denga. M'mabanja ambiri madzi, nkhuni, mwana kumbuyo ndi thumba la kucigayo zonse zigwera khosi limodzi. Abambo ndi anyamata akalandirako zina mwa izi, adzakhala atacita cimene nyeleti singathe.